Chingwe Chachikasu Pakhomo Pathu

Chisiyireni zipatala kugoneka anthu, wodwala amachilira kwawo, ndipo pabwalo amazingapo chingwe chachikasu choti mlendo asalumphe. Kwathu anachizinga khansa ya mwanabele itawabwereranso achimwene Lonjezo. Mankhwala apha kale mafuta a m'mafupa mwawo, akungodikira kuti awaike maselo a m'thupi langa, omwe anamwino adzatenge mawa. Ine ndikangogwidwa chimfine sadzatenga, ndiye kuti achimwene alibenso pogwira.

Ndiye lero masana kunatulukiratu azakhali a Nachisale, nkhuku ili kukhwapa, akutsokomola ngati chigayo chakale.

"Alamu, mwana wa mchimwene wanga ndimuzondere pamsewu ngati wakuba?"

Amayi paja amawaopa, anangoti, "Ayi, sikuti choncho." Mwendo wa azakhali unali kale pamwamba pa chingwe, dzanja atanditambasulira ine kuti ndiwapatse moni.

Ndinabwerera m'mbuyo. "Azakhali, mwamva zoti akazi anzanu aang'ono aja agulitsa mbuzi zanu?"

Mwendo unaima m'malere. "Mbuzi ziti, iwe?"

"Kaimeni pamtengo wa mango apo ndikuuzeni bwino."

Anapitadi. Ndinaulula zonse mokuwa, ngakhale zomwe mnzanga Mwandida anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Azakhali ananyamuka chothamanga, ndi nkhuku yawo yomwe.

Amayi anatembenukira kwa ine. "Anatsokomola ali pafupi bwanji ndi iwe?"

"Patali, amayi."

"Tameza malovu ndione."

Ndinameza, iwo akuyang'anitsitsa pakhosi panga.