Phunziro Laulere la a Pyo

Mpira wina utagundanso ukonde wa kumbali, a Pyo analephera kupirira. Mnyamata wa pamalo oyandikana nawo ankamenya gofu ngati akupha njoka ndi mpini wa tsache. Mutu ankaudzutsa ndodo isanafike pa mpira, chigongono chili m'mwamba ngati phiko la nkhuku, ndipo akamaliza ankadzandira ngati munthu wotsika basi isanaime.

A Pyo anali mkulu wa fakitale yopanga mabuleki a magalimoto mumzinda wa Daegu. Pabwalo lophunzirirapo gofuli, lozingidwa ndi maukonde obiriwira kuseri kwa msika, aliyense ankawadziwa, ndipo ambiri akawaona ankasamukira kumapeto kwa mzere. Anali ndi matenda okonza kamenyedwe ka anthu osapemphedwa. Iwo eni ankati nkuthandiza chabe. Kuofesi kwawo shelefu inali itadzaza ndi zikho za mpikisano wa kampani, ndipo panalibe wantchito wawo amene anawagonjetsapo.

Anatsamiritsa ndodo yawo pachikwama, nkukoka thalauza.

"Mphwanga, mpirawo unakulakwira chiyani?"

Mnyamatayo anavula kapu, nawerama mwaulemu. Anali wamtali, wa nkhope yofatsa, wovala malaya oyera bwino. Anapepesa ngati wawasokoneza. A Pyo anakondwera ndi ulemuwo, ndipo sanadikire kuti apemphedwe.

Anayamba ndi mapazi, akuwakankha ndi nsonga ya nsapato kuti atalikirane. Kenako anamuuza kuti ndodo saifinya ngati khosi la mdani, aigwire mofewa monga agwirira timitengo tiwiri todyera mpunga. Chigongono achikanikize kunthiti. Mutu ukhale pansi mpaka mpira utapita, chifukwa kumwambako kulibe chake. Mawu awo ankamveka bwalo lonse, moti mayi wina wa malo achitatu anatolera ndodo zake nkupita kukamwa madzi.

Mnyamatayo anamvera zonse, nakoka ndodo. Panamveka kaphokoso kouma, ndipo mpira unanyamuka mowongoka, nkukwera, nkukagunda ukonde wa kutsogolo pamwamba penipeni. A Pyo anawomba m'manja, akuyang'ana uku ndi uku kuti aone ngati anthu aona ntchito ya manja awo. Koma mnyamatayo anangoti kakasi, ngati waswa mbale kwa eni ake. Mpira wotsatira anaukwapula pamutu, nkungogubuduka pansi ngati dzira.

A Pyo anapukusa mutu. Anthu ena, anatero mumtima, mawu sawalowa. Amafunika kuona ndi maso.

Anamulanda ndodo, namukankhira pambali. Anakonza magolovesi, natsokomola, nagwedeza chiuno uku ndi uku monga mwa chizolowezi chawo. Kenako anakweza ndodo mpaka kuseri kwa khutu, naitsitsa ndi mphamvu zonse za mpunga wa masana. Mpira unanyamuka, nkukhota ngati nthochi kulowera kumanja, nkukagunda chitsulo chogwira ukonde. A Pyo ananena kuti ndodo za masiku ano nzopepuka kwambiri, komanso kunali kamphepo, koma chofunika nkuona kayendedwe ka thupi.

Maso a mnyamatayo anawala. Anapempha kuti abwerezenso, pang'onopang'ono. A Pyo anabwereza. Anapemphanso, akuyang'anitsitsa bondo, phewa, ndi mmene chidendene chinkanyamukira. A Pyo anabwereza mpaka thukuta linanyowetsa kolala. Pa moyo wawo wonse anali asanapezepo wophunzira wanjala chonchi. Ana awo enieni akangomva za gofu ankatuluka m'chipinda.

Posakhalitsa mnyamata uja anayamba kugwedeza chiuno, kutsokomola, nkukweza ndodo mpaka kuseri kwa khutu. Mipira yake inkakhotera kumanja umodzi pambuyo pa unzake, ina nkugunda chitsulo chomwe chija. A Pyo anaima chapatali atapinda manja, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti kamenyedwe ka mwanayo kayamba kukongola. Za komwe mpira unkapita anati zibwera zokha. Mtima wawo unafewa. Anafika polakalaka kuti mwana wawo wamkazi, Harim, akanapeza munthu womva ngati ameneyu, osati anyamata a makompyuta omwe sadziwa ngakhale kulonjera akuluakulu.

Mipira itatha, mnyamatayo anawagwira dzanja ndi manja ake awiri, nawerama mpaka kapu kugwa.

"Achikulire, mwandipulumutsa. Ine gofu ndinayamba ndili mwana, ndinkasewerera timu ya yunivesite, ndiye kumenya moipa kumandikanika. Dzanja limangokonza lokha."

A Pyo anaganiza kuti sanamve bwino.

"Lamulungu ndikaonana koyamba ndi bambo a chibwenzi changa, ndipo akufuna tikasewere. Chibwenzicho chandichenjeza kuti ndikangopambana, za ukwati ndiiwale. Akuti antchito awo akhala akugonja dala zaka zonsezi, mpaka amachita kugawana wokamenyera mpira m'dziwe. Koma inu, achikulire, mumatha kutsanzira munthu wosadziwa gofu. Zolakwika zonse mwaziika pamodzi, ngati mumawadziwa."

A Pyo anakumbukira zikho za pashelefu ya kuofesi zija. Mnyamatayo anali atatembenuka kale, akukweza dzanja mosangalala kulozera kumasitepe.

Pamasitepepo panaima Harim, makapu awiri a khofi ali m'manja.

"Adadi?"