Mimba ya Esitele

Esitele anali atangogwira thumba la mtedza pamene mwamuna wake, Benedicto, anatulukira kuseri kwa chigafa akuthamanga.

"Siyani, mayi a Yankho, siyani! Kodi mukufuna mutionetse zotani?"

Analisenza yekha thumbalo, mawondo akunjenjemera, n'kukaliponya pakhonde. Kenako anamukokera mpando.

Chiyambire kukumba mtedza, Benedicto sanalinso yemwe uja. Munthu amene zaka zonse za banja lawo sanagwirepo mjigo wa m'mudzi mwawo ku Chiosya, tsopano ankalawirira komweko ndi zigubu panjinga. Nkhuni ankawaza yekha. Akapita kumsika ankabwerako ndi mapapaya, n'kukhala pomwepo mpaka aone kuti adyedwa. Anzake a bawo ankati anamudyetsa khuzumule. Iye ankangomwetulira, chifuwa patsogolo.

Chifukwa chake mudzi wonse unkachidziwa: Esitele ali ndi pakati.

"Agogo akupikisana ndi mwana wawo," amayi ankatero kumjigo, poti Yankho, mwana woyamba wa Esitele, anali ndi khanda kumsana. Kutchalitchi ankamusiyira malo pafupi ndi khomo kuti azipitidwa mphepo. Luwiza, mnzake wa kwaya, anafika pomubweretsera dothi la pachulu, akuti amayi oyembekezera amalikhumba. Esitele analandira ndi manja awiri, n'kukalitaya kuseri kwa khola.

Pakatipo panalibe.

Chimene chinalipo chinali china, chovuta kuchitchula pakamwa. Kwa nthawi yaitali ankamva kulemera kumusi, ngati chinthu chikufuna kutuluka, makamaka akachoka kumunda kapena akatula ndowa. Atatopa nazo anauza mwamuna wake kuti msana wamuvuta, ndipo iye anamukweza panjinga mpaka kuchipatala. M'chipinda cha anesi Esitele analowa yekha.

Anesi atamuyeza anati chiberekero chatsika. Ana asanu ndi awiri, khasu, matumba ndi ndowa zinali zitafooketsa minofu yochigwira. Esitele atamva zimenezi anaganiza za mpeni. Koma anesiwo anati wabwera nthawi yabwino, opaleshoni sikufunika. Anamuika kamphete kofewa kochirikiza chiberekerocho, n'kumuuza kuti azibwera kudzakaonetsa. Anamuphunzitsa kumanga minofu ya kumusi ngati akugwira mkodzo, kenako n'kumasula, kangapo tsiku lililonse. Azidya masamba ndi zipatso, azimwa madzi ambiri kuti asamadzimbidwe. Ndipo zolemera, ayi.

Zonsezo anazitsata, ndipo thupi linayamba kumvera. Chimodzi chokha chinamukanika: kuuza Benedicto. Ankakumbukira mayi wina wa ku Dambe amene anadwala zomwezi. Anthu anamunenera zambiri, ena amvekere n'zamatsenga, ena amvekere ankayendayenda, ndipo mwamuna wake anawoloka malire n'kukakwatira ku Chipata.

Ndiye mphekesera ya mimba itabuka, Esitele sanaitsutse. Sanavomere, koma sanakanenso. Komanso, kunena zoona, kuona Benedicto akulimbana ndi zigubu kunali ndi kukoma kwake.

Koma kunyada kwa bamboyo kunkangokula. Mutu wa imvi mbuu, koma ankayenda ngati mnyamata wongokwatira kumene. Esitele ankamuyang'ana, mtima n'kumuwawa. Munthuyu akadzadziwa kuti mwana kulibe, kuti pali matenda basi, nkhope adzaiika pati? Nanga adzakhalabe?

Masana ena ali pamkeka akusenda mtedza, Benedicto anayamba yekha nkhani.

"A Laston kubawo akuti akadzakhala wamwamuna timutche Mapeto. Ine ndawauza kuti asafulumire, mwina sitinamalize."

Anaseka mpaka kutsokomola. Esitele sanaseke. Anaika lichero pansi, n'kupukuta manja pachitenje.

"Bambo a Yankho, pali mawu."

"Nenani."

"Ine mimba ndilibe."

Mawu enawo anatuluka movutikira, maso ali pamakoko a mtedza. Ananena za kulemera kuja, za chiberekero, za kamphete, za malamulo a anesi. Ananenanso kuti vutoli silingathe mawa kapena mkuja, kuti mwina ndowa sadzaisenzanso moyo wake wonse.

"Ndinachita manyazi," anamaliza. "Ndakusiyani mukunyadira chinthu choti kulibe. Ngati mwakwiya, mwakwiyira zoona."

Anadikira. Nkhuku inabwera n'kutola njere pafupi ndi phazi lake, koma palibe anaiingitsa. Benedicto anaswa mtedza wina, n'kuuyang'anitsitsa, n'kuuponya m'lichero.

"Kamphete kaja sikakukupwetekani?"

"Ayi."

"Chabwino. Zinazo ndikuzidziwa kale. Tsiku lija njinga ndinaimika pansi pa windo la anesi, ndipo mayi aja kunong'ona sakudziwa."

Esitele anangoti kukamwa yasa.

"Nanga za mimbazi?"

"Ndinayambitsa ndine, kubawo. Mukanasiya kusenza ndowa popanda chifukwa, anthu akanakusakirani chifukwa chawo. Ndinati bola aziseka ine nkhalamba yosamva."

Esitele anamuyang'ana nthawi yaitali, osadziwa ngati alire kapena amugende ndi makoko.

"Ndiye miyezi ikakwana, anthuwo mudzawauza chiyani?"

Benedicto anakanda m'mutu.

"Apo ndiye ndimadikira inu, mayi a Yankho. Nzeru zanga zinathera poyambitsa."