Ukwati Wodikirira Malire

Panali mtsikana wina ku Namitambo, dzina lake Thandie, wogulitsa tomato pamsika. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona, ndipo ine yandiwawa mpaka mumtima.

Chaka chija cha kolona, malire a dziko atatsekedwa, pamsikapo panatulukira mnyamata wina dzina lake Greyson. Iyeyu anachokera ku Joni kudzacheza, njira yobwerera n'kumutsekekera. Anali wa pakamwa pozuna. Posakhalitsa anamufunsira Thandie, Thandie n'kulola.

A Bwanali, amalume ake a Thandie, anati, "Palibe vuto. Abwere ankhoswe ake tikambirane."

"Amalume anga ali ku Mozambiki," anatero Greyson. "Ndi malire otsekawa adutsira pati?"

A Bwanali anamutengera Thandie pambali. "Iwe, dikira malire atsegule. Munthuyu kwawo sitikukudziwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Amalume, atsegula liti? Boma lomwe silikudziwa. Mukufuna ndikalambire pa tomato?"

Lamulungu lina Greyson anabwera ndi bambo wina wovala jekete, masiki ili kukamwa. Anati awa ndi amalume aang'ono. Bamboyo ankangogwedeza mutu, chilichonse "eya, eya." Poti misonkhano ya anthu ambiri inali yoletsedwa, palibe anadabwa kuti kuchimuna kwabwera munthu mmodzi yekha. Chinkhoswe chinatheka.

Greyson analowa chikamwini. Ntchito yake kudya, kugona ndi kutchaja foni. Khasu sanaligwirepo, ati manja anazolowera za ku Joni. Khutu lake silinkachoka pawayilesi, ndipo Thandie ankamumvera chisoni poganiza kuti mwamuna wake akuopa matenda. Chikhalirecho munthu akumvera za malire!

Mabasi a ku Joni atayambiranso kuyenda, Thandie anali ndi pakati. Greyson anati akupita ku Limbe kukagula matewera. Anapitiratu, foni n'kuzima.

Banja likavuta timathamangira kwa ankhoswe. A Bwanali ndi Thandie anafunsafunsa za bambo wa jekete uja mpaka anakamupeza pa Njuli, pasiteji ya kabaza, akupopa tayala la njinga.

"Ankhoswe, mwana wanu uja ali kuti?" anafunsa a Bwanali.

"Mwana wanga uti? Ine ujeniyo ndinangomunyamula panjinga. Anandibwereka jekete n'kundiuza kuti ndizikangovomera."

"Nanga kwawo n'kuti?"

"Kaya. Iye amati mkazi ndi ana ali ku Joni, kuno akungofuna pogona ndi podya mpaka malire atsegule."

Thandie anakhala pansi pafumbi. "Ndiye inu mumadziwa zonsezi, koma nkhuku yathu munadya?"

"Mayi, musandide ine. Ganyu ndi ganyu."

Manyazi analibe ngakhale pang'ono, anapitiriza kupopa tayala lake.

Mwana anabadwira ku Nguludi, wamwamuna, nkhope ngati ya bambo ake. Pano akuyankhula, ndipo wayamba kufunsa kuti agogo ake akuchimuna amakhala kuti. Thandie alibe mudzi woti amulozere, ngakhale manda.

Phunziro: Munthu amene abale ake onse "atsekeredwa kunja" musamupatse mwana wanu mpaka mutaponda pakhomo pa kwawo. Malire amatseka n'kutsegula, koma mwana wosiyidwa amakula ndi mafunso. Ndipo inu odya ganyu wa unkhoswe, Mulungu akukuonani. Tumizirani alongo anu ndi amalume onse nkhaniyi, asadzati sanamve.