Matekenya a Bambo a Tiffany

Panali bambo wina ku Leicester, dzina lake Justus, amene analakwira mkazi wake, ndipo mpaka lero sakana. Mkaziyo, Scholastica, ndi nesi. Justus anali ndi matenda a shuga, moti mapazi ake anali atachita dzanzi.

Justus akupita ku Ntcheu kukamanga chiliza cha bambo ake, mkazi anamuuza kuti, "Bambo a Tiffany, nsapato musakavule, ngakhale pakhonde."

Koma kumudzi asuweni anamuseka: "Azungu afika! Fumbi lathu akuliopa!" Justus anavula nsapato n'kumayenda chosavala, kumanda ndi kukhola la nkhumba komwe.

Atabwerera ku England anaona kadontho kakuda kunsi kwa chala chachikulu. Thekenya! Manyazi anamugwira. Munthu wokwera ndege, matekenya? Anadzitsekera m'bafa n'kulizula ndi pini monga ankachitira ali mwana. Poti sankamva kuwawa, anakumba mozama. Bala silinapole. Anayamba kugona ndi masokosi, ati kukuzizira.

Tsiku lina mkazi anati, "Muno muli fungo. Tavulani sokosiyo ndione."

"Unesi wanuwo muziusiya ku shifiti. Pano ndinu mkazi wanga basi."

Scholastica sanalire, sanakalipe. Anagwira mwendowo, wotentha ngati mbaula, n'kutenga makiyi a galimoto.

"Muzindinyoza tili m'njira. Nyamukani."

Kuchipatala anapeza chala chitawola kale, ndipo anachidula. Dokotala anati akanachedwa pang'ono, mwendo wonse ukanapita. Mkazi yemweyo ndiye ankatsuka balalo, akaweruka kuntchito atatopa, mpaka linapola.

Lero Justus amayenda yekha kupita kuntchito, ndipo aliyense wokumana naye amamuuza kuti, "Mkazi ngati wanga kulibe, Leicester yonse ino." Koma mawu oyenera anawanena Lamlungu lina kutchalitchi, ataimirira pamaso pa Amalawi anzake:

"Amayi a Tiffany, ndinakunyozani inu mukundipulumutsa. Mwendo ndaimirawu ndi wanu. Pepani, mundikhululukire."

Phunziro: Ngati muli ndi shuga, musayende opanda nsapato pofuna kusangalatsa anthu, ndipo thekenya, mphutsi kapena kabala kalikonse musazule nokha, thamangirani kuchipatala. Asuweni oseka aja sadzakubwerekani mwendo. Amene akukuuzani kuti muvule sokosi ndiye amakukondani. Tumizirani abale onse a shuga, makamaka amene akupita kumudzi chaka chino.