Mwala wa ku Bafa

Chaka chilichonse ku Mtakataka, banja lililonse limakumba mwala pabwalo pake n'kuupereka kwa oyeza zivomezi. Iwo amaukhula pa mwala unzake ndi makina, n'kulowetsa zotsatira m'mapu a dziko lonse. Ukakhala wokhakhala, mumakhala. Ukakhala woterera, ndiye kuti mng'alu wa pansi panu ungasunthe tsiku lililonse, ndipo mumasamuka.

Chaka chino mapu anasamutsa banja la Nankhoma lokha. Iye anamanga katundu misozi ili m'maso, akuyang'ana mitengo yake ya mango. Asanakwere ngolo, anati akasambe komaliza. Anafunafuna m'bafa monse, n'kutuluka osasamba.

"Bambo a Tiyese, mwala wanga wokwechera mapazi uli kuti?"

Amuna ake, a Gwaza, anayamba kumanganso chingwe chomanga kale.

"Mayi, tsiku loperekalo dzuwa linali likuswa mtengo. Ndikanakumba bwanji?"

"Ndiye munapereka mwala umene ndausalaza ndi zidendene zangazi chikwatiwire?"

"Unali pafupi."

Nankhoma anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako anatsitsa khasu pangolo n'kuwapatsa.

"Kumbani iwiri. Wina wa mapu, wina wanga."