Chigamba Chobiriwira

Mayi wina, telala, anatembenuza jekete kuti aone mkati, monga amachitira nthawi zonse pa kaunjika pofuna kuba luso la osoka anzake.

Pathumba lamkati panali chigamba chobiriwira, chodulidwa ku katani yakale ya kuchipinda kwake. Pakona ulusi unali utakhota, pomwe makina ake amakonda kudumpha. Anachisoka yekha chigambacho tsiku limene mwana wake wamwamuna ankapita kukafuna ntchito kutali. Chichokereni mwanayo, foni yake imangoitana osayankhidwa.

"Mayi, mukugula kapena mukungotsuka m'maso?" anafunsa wogulitsa uku akukutumula masamba ouma amene mphepo inagwetsera pa zovala.

"Achimwene, jekete iyi yafika bwanji pano?"

"Zina n'za m'belo, zina amabwera nazo anthu."

"Anabwera nayo ndi mnyamata wamtali, wa chipsera pachibwano?"

Wogulitsa anaseka. "Aa, mayi inu! Nkhope zonse zodutsa pano ndingazisunge? Komanso taganizani, kuzizira kwayambaku, ndani angagulitse jekete yake yotentha chonchi? Zoterezi sabweretsa mwini wake."

Mayiyo anayang'ananso chigamba chija. Mwana wake uja kukangozizira pang'ono chifuwa chimamutseka.

Anakweza jeketeyo n'kununkhiza kolala, kufunafuna fungo la mafuta amene mwanayo amadzola. Sanalimve. Inkangonunkha sopo, sopo wambiri, ngati munthu anaichapa mobwerezabwereza kuti china chake chichoke.