Wamagetsi amene anamangitsa chingwe chonse

Panali munthu wina wokonza magetsi. Dzina ndikulidziwa koma ndalimeza, paja amandikonzera wailesi. Anakhala pabanja zaka zambiri popanda mwana, ndipo kulikonse amanena kuti vuto ndi mkazi. Amayi ake nawo amathira mafuta pamoto. Akabwera kudzacheza amafunsa mpongozi wawo ngati m'nyumbamo muli kena kolira kupatula ketulo. Mkaziyo amangoweramitsa mutu.

Koma bamboyu anali ndi chinsinsi m'buluku. Akaima nthawi yaitali pamakwerero, tchende la kumanzere limalemera, mitsempha n'kutupa ngati nyongolotsi zodzaza m'kathumba. Tsiku lina anazemba n'kupita kuchipatala yekha.

Adokotala atamupima anamuuza kuti magazi akudikha m'mitsemphayo n'kumatenthetsa mbewu, ndipo mwina n'chifukwa chake mwana sakubwera. Atamva ntchito yake, anamufotokozera m'chinenero chake. Anati tchende limalendewera pachingwe, ndipo chingwecho chili ngati kebulo, mkati muli mawaya ambiri. Muli mitsempha yobweza magazi, imene yatupayo. Muli kamtsempha kobweretsa magazi, kowonda ngati ulusi. Muli kanjira kodutsa umuna, komanso timitsempha tamadzi tosaoneka bwino ndi maso.

"Timacheka pang'ono m'munsi mwa chinena, n'kuyang'ana ndi galasi lokulitsa," anatero adokotala. "Timamanga yotupayo yokha, umodziumodzi. Zinazo sitizikhudza. Mubwere ndi akazi anu, nkhaniyi ndi ya anthu awiri."

Mawu omalizawo ndi amene anamupweteka. Akauza bwanji mkazi amene iye mwini wakhala akumunyoza pamaso pa anthu?

Pageti la chipatala anakumana ndi bambo wina wovala chikhoti choyera, cholembera chili m'thumba. Wachikhotiyo anati anagwirapo ntchito kuchipinda cha opaleshoni, ndipo zoterezi amachita mwakachetechete kuseri kwa shopu yake ya mankhwala. Sananene kuti ntchito yake kumeneko inali yokankha machira.

"Achimwene, madokotala amakonda kukulitsa nkhani," anatero. "Mubwera m'mawa, masana muli kunyumba. Mayi sadziwa kanthu."

Wamagetsi ananamiza mkazi wake kuti wapeza ntchito kutali. Anakagona patebulo kuseri kwa shopu ija, pakati pa makatoni, wachikhoti n'kumubaya jakisoni, n'kucheka. Magazi atayamba kumusokoneza, sanasankhenso waya. Anagwira chingwe chonse n'kuchimanga ngati kukamwa kwa thumba la makala.

Kunyumba bambo anafika akuyenda chotang'adza, akuti wagwa pamakwerero. Anakana kuti mkazi aone. Amasamba atakhoma chitseko, kugona ndi buluku. Kenako thupi linatentha, chotupa chinakula, fungo linayamba kulankhula lokha. Atakomoka pakhomo la bafa, mkazi anaitana apongozi ake n'kumutengera kuchipatala chomwe chija.

Atatsitsimuka anapeza adokotala aima kumiyendo, amayi ake kumanja, mkazi kumanzere atanyamula beseni la madzi ofunda. Adokotala anamuuza motsitsa mawu kuti tchendelo linafa chifukwa chosowa magazi, ndipo alichotsa. Adokotalawo anafuna kuti ena ayambe atuluka, koma amayi anakana. Anayamba kuloza mpongozi wawo, ati wamudyetsa chiyani mwana wanga, wosabereka iwe.

Bambo anakoka nsalu mpaka pamphuno. Mkazi anayang'ana mwamuna wake pabedi.

"Bambo, muwauza nokha kapena ndifunse adokotala?"

"Amayi, musiyeni," anatero ali m'kati mwa nsalu. "Vuto ndine. Anandiuza kale, ndinabisa."

Ngakhale wa bedi loyandikana anasiya kubuula kuti amve bwino. Mkazi anaika beseni pamiyendo ya apongozi ake.

"Mwana wanu uyu, amayi. Musambitseni."

Anatenga chikwama chake n'kupita kwa mlongo wake. Wachikhoti uja shopu anatseka, sakudziwika kumene analowera.

Pomutulutsa, adokotala anamulimbitsa mtima kuti latsalalo likhoza kugwira ntchito lokha, mwana n'kubadwa. Bambo anathokoza, n'kubwerera kunyumba yopanda mkazi.

Phunziro: Abambo anzanga, dokotala akati bwerani ndi akazi anu, pitani nawo. Manyazi a tsiku limodzi saposa chiwalo, ndipo wovala chikhoti choyera aliyense si dokotala. Musanaloze mkazi chala, kapimitseni kaye. Tumizirani amuna onse amene ali mufoni mwanu, makamaka aja okonda kunena kuti kwawo kulibe vuto.